Maluwa Atatu Amene Anameza Damu la Mlamu Wanga

Amene mumandidziwa, makamaka inu amayi anzanga a kutchalitchi ku Bwacha, mukawerenga izi musabwerenso kudzandifunsa ngati n'zoona. N'zoona. Ndinamira mpaka m'khosi anthu akuona, ndipo chimene chinandimizacho ndinachibweretsa ndekha m'Kabwe muno, pabasi, nditachifungatira pamiyendo ngati khanda.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa sayansi kupulayimale mpaka imvi mbuu (mawu akuti sayansiwo musawaiwale, ndi amene akukulitsa manyazi anga). Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ine n'kubadwira konkuno. Nditapuma ntchito, amayi anzanga anandisankha kuti ndizikongoletsa guwa la tchalitchi ndi maluwa. Ntchito yake ndi yabwino, koma amene anayesapo kulima maluwa ku Bwacha akudziwa. Dothi lathu n'louma, lafumbi, kuwonjezera apo muli mtovu uja mgodi unatisiyira, woti ngakhale ana timawakalipira akamagubuduzika pansi. Mpopi lero utulutsa madzi, mawa ungotsokomola. Marozi anga ankaphuka monyinyirika, ngati awalamula kukhoti.

Ndiye tsiku lina tinapita ku Kafue, kukichinipate ya mwana wa msuweni wanga, phwando lija la amayi lolangiza mkwatibwi. M'mawa mwake, ndisanakwere basi yobwerera, ndinatsikira kumtsinje kukaona madzi (ife a ku Kabwe tikaona madzi ambiri pamalo amodzi timayamba taima kaye). Kumeneko ndi kumene ndinawaona. Masamba obiriwira, onyezimira ngati wina wawapaka mafuta, opindika ngati masupuni. Pakati pawo panatuluka timitengo tonyamula maluwa a mtundu wa pepo wotuwira, ngati mkanjo wa ansembe wa pa Lenti umene wachapidwa kambiri. Duwa lililonse linali ndi kadontho kachikasu kumtunda kwake, kooneka ngati lawi la kandulo. Ndipo zonsezi zinali pamadzi. Popanda dothi, popanda manyowa, popanda munthu wothirira.

Pamphepete panali mdala wina akusoka ukonde.

"Atate, maluwa awa ni a ndani?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mtsinje, n'kundiyang'ananso. "Maluwa?"

"Eee, awa. Nifunako chabe pang'ono."

"Tengani yonse, amai," anatero. "Mukafuna bwerani na thiraki, nizakuthandizani kupakila."

Ine mumtima ndinati, koma anthu a ku Kafue n'ngopatsa. Munthu wanzeru akanafunsa chifukwa chake msodzi akugawa maluwa ndi mtima wonse chonchi. Ine sindinafunse. Ndinatenga zitsinde zitatu, n'kuziika m'chigubu cha mafuta ophikira chodula pakamwa. M'basi mayi amene ndinakhala naye anasuzumira n'kufunsa ngati ndi ndiwo. Ndinamuyankha monyada kuti ndi maluwa a paguwa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bafa lakale lachitsulo, limene bambo anabwera nalo kuchokera kunyumba za njanji. Ndinalitseka pansi, kudzaza madzi, n'kuikamo alendo anga atatu.

Anzanga, zimene ndinaona m'bafa lija sindidzaiwala. Chitsinde chilichonse chinkatambasula kamkono pamwamba pa madzi, kumapeto kwa kamkonoko n'kubadwa mwana. Mwanayo asanakule n'komwe, nayenso watambasula kamkono kake. Ndikadzuka m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe, ndinkathamangira kuseri kukawerenga. Atatu aja anakhala asanu ndi awiri, kenaka khumi ndi kanthu, kenaka ndinasiya kuwerenga chifukwa madzi sankaonekanso. Tsiku lina uphunzitsi unandigwira. Ndinatenga leza n'kudula phesi limodzi, pamene limatupa ngati chitsononkho chaching'ono. M'kati munali ngati siponji, timabowo ta mpweya tokhatokha. Chomera chodzipangira chokha chubu chosambirira! Ndinachitukula m'madzi kuti ndione pansi pake: mizu yakuda, yofewa, yolendewera ngati nthenga za tambala. Ndinakhala pa njerwa pamenepo nthawi yaitali, leza ili m'manja, ndikungopukusa mutu. Zaka zonse zija ndinkajambula mizu ndi masamba pabolodi, koma chodabwitsa chotere ndinali ndisanachigwirepo.

Maluwa ake ukawathyola salimba, amafota Misa yachiwiri isanayambe. Choncho ndinkawanyamula amoyo m'beseni, beseniyo n'kuikuta ndi nsalu yoyera. Lamulungu loyamba tchalitchi chonse chinali kukambirana za guwa. Bambo Mfumu anandigwira chanza ndi manja awiri. Amayi anzanga anandizungulira panja, aliyense akupempha kambewu, ndipo ine, poti bafa linali kusefukira kale, ndinagawa mosaumira. Ndinkamva ngati munthu amene watulukira chinthu.

Tsopano ndikudziwitseni mlamu wanga. Mng'ono wanga Esinati anakwatiwa ndi a Tembo, amene anayendetsa sitima ya katundu moyo wawo wonse. Atapuma, zonse zimene anapatsidwa anazithira m'kafamu kena panjira yopita ku Mulungushi. Anatseka kamtsinje n'kupanga damu, anaikamo nsomba zija timati bulimu, anagula injini yopopa madzi, n'kudzala kabichi, repu ndi tomato m'mizere yowongoka ngati njanji. A Tembo ndi munthu wa ndondomeko. Ngakhale nkhuku zawo zimalowa m'khola pa nthawi yake. Damu lija linali mtima wawo. Mlendo aliyense, asanalandire ndi mpando womwe, ankayamba kaye wakaliona.

Ine ndikaliona ndinkati lili maliseche. Madzi okhaokha, matope m'mbali, basi.

Tsiku lina dzinja lisanayambe ndinapita kukawachezera, nditabisa beseni la maluwa anga m'chikwama chachikulu cha ukonde. Sindinawapemphe, chifukwa ndinkadziwa yankho (a Tembo akanafuna kaye kudziwa dzina la duwalo, kwawo, ndi ntchito yake). Ndinkafuna kuti tsiku lina adzangodzuka, aone kona imodzi ya damu ikuwala, adzati, amulamu, zikomo. Iwo ali kumunda wa tomato, Esinati ali kukhitchini, ine ndinazembera kukona yakutali. Ndinakhuthula beseni. Ndiye kuti maluwawo asamwazikane, ndinakhoma chikhomo m'matope, ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje changa, chija tinavala kukichinipate, cha nkhanga zachikasu, n'kumangirira chitsinde chachikulu kuchikhomocho.

Inde, mwamva bwino. Ndinamanga duwa pachingwe ngati mbuzi. Mphunzitsi wa sayansi.

Patangopita masiku ochepa uthenga unafika kuti azakhali athu ku Katete adwala, ndipo poti ine ndiye wopuma, ndinapita kukawadwazika. Ndinakhalako pafupifupi dzinja lonse. Za damu ndinaziiwaliratu. Azakhali atayamba kuyenda okha ndinabwerera, ndipo tsiku lachiwiri lake Esinati anandiimbira foni.

"Asisi, mwafika? Kuno kuli mavuto. Damu yasowa."

"Yasowa bwanji? Yauma? Na mvula yonse iyi?"

"Siinaume. Yangosowa chabe. Bwerani muzionere mweka, alamu anu sakudya na kudya komwe."

Ndinakwera minibasi m'mawa mwake. Ndinatsika pamsewu, ndinayenda kanjira kodutsa m'chimanga, ndinakwera kachulu kamene kamabisa famu yawo, ndipo pamwamba pa kachuluko ndinangoima.

Damu panalibe. Pamene panali madzi panali munda. Kuyambira pakhoma la damu mpaka uko kumene kamtsinje kamalowera, zonse zinali maluwa, pepo wotuwira uja kuyala ngati nsalu imodzi yaikulu, tinyali tachikasu tija tikuthwanima osawerengeka. Dzuwa linali litangotuluka m'mitambo, masamba onse akunyezimira. Njuchi zinkalira ngati injini yakutali. Kambalame kena ka zala zazitali kankayenda pamwamba pake mwaulemu, kakutukula mwendo umodzi umodzi ngati kakuopa kudetsa. Kenaka kunabwera mphepo. Anzanga, munda wonse uja unasuntha. Osati kugwedera ngati chimanga, ayi, kusuntha, wonse pamodzi, pang'onopang'ono, ngati dziko latopa kukhala malo amodzi. Chapakati panatseguka mng'alu wa madzi akuda, ngati diso, n'kutsekekanso.

Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Beseni limodzi! Zitsinde zitatu za m'chigubu cha mafuta! Ndinaona zinthu m'moyo wanga, koma kuti chamoyo chofewa chonchi, choti ungachifinye ndi zala ziwiri, chingameze damu lathunthu m'dzinja limodzi, mutu wanga unakana. Ndipo ndisanaganize, pakamwa panga panatuluka mokweza:

"Ambuye, kukongola!"

"Kukongola, amulamu?"

A Tembo anali ataima kumbuyo kwanga. Anali ataonda, ndevu zosameta, m'manja muli ndowa. Anaipendeketsa kuti ndione. Munali nsomba zakufa, mimba zili m'mwamba.

"Izi ni za lelo chabe," anatero. "Zilibe mpweya. Pansi apo ni mdima, dzuwa silifika. Injini yatsamwa na mizu kawiri, manje yaferatu. Tomato nithirira na keni, ine mudala. Udzudzu ndiye osakamba. Nikachotsa mbali iyi, pofika Sabata yabwerera. Imeneyo ndiye muti kukongola?"

Apa ndiye panali poyenera kuulula. Koma ndisanatsegule pakamwa, iwo anatambasula dzanja kuloza tsidya la mpanda.

"Koma namudziwa. Ni Mulenga."

Ba Mulenga ndi mnansi wawo, Mbemba, mlimi wa ng'ombe. Awiriwa anali atakanganapo chifukwa ng'ombe za Ba Mulenga zinathyola waya kudzamwa m'damu, ndipo kuyambira pamenepo moni wawo unali wa mphuno.

"Ananiuza pamaso kuti madzi ni a Mulungu, si a Tembo. Manje waponya ivi vintu kuti tonse tisowe. Naitana wa zansomba kuboma, abwera lelo. Na Mulenga namuitana. Akaona na maso, nipita naye kukhoti."

Ndikufuna ndikuuzeni kuti ndinaima nji n'kunena zoona. Sindinatero. Ndinati, "Koma anthu ndi oipa," n'kupita kukhitchini kukathandiza Esinati kusadzula nyemba. Mulungu andikhululukire.

Dzuwa litakwera, njinga yamoto inafika. Anatsika mayi wachitsikana, wamtali, wa magambutsi ndi kope m'manja. Ba Mulenga nawo anafika, chipewa chili pamutu, anakana mpando, n'kukaima pawokha chapatali m'mphepete mwa damu, manja atapinda. Tonse tinatsikira kumadzi.

Mayi wa zansombayo anazula chitsinde chimodzi n'kuchitembenuza. Anati kuno timangoti udzu wa ku Kafue, abale athu a ku Malawi amati namasupuni, koma kwawo kwenikweni ndi kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Kumeneko kuli tizilombo timene timaudya, n'chifukwa chake sumachita mwano. Kuno ulibe woopa.

"Manje wafika bwanji muno?" anafunsa a Tembo, maso ali kwa Ba Mulenga.

"Ulibe mapiko, atate. Umayenda na madzi osefukira, olo pa bwato, olo mu ukonde. Koma damu yanu ili kumtunda, ndipo bwato mulibe." Anaima kaye. "Kambiri tikafufuza timapeza ni anthu okonda maluwa."

Ine ndinayamba kuyang'anitsitsa nsapato zanga ngati ndaziona koyamba.

Kenaka anayenda mpaka pakhoma, pamene madzi amatayikira damu likadzaza, ndipo nkhope yake inasintha. Anati vuto lalikulu si nsomba za a Tembo. Madzi akasefukira apa amatsika ndi kamtsinje, kamtsinjeko kamakathira kumtsinje wa Mulungushi, kumene anthu amamwa, amawedza, amathirira madimba. Chitsinde chimodzi chikadutsa n'chokwanira. Mvula inali isanatheretu, ndipo mitambo tsiku limenelo inali kuunjikana chakummawa.

"Mwamva, Mulenga?" anakuwa a Tembo. "Mwapha na mtsinje womwe!"

"Awe mukwai, ine siniziba kanthu," anayankha Ba Mulenga mokwiya. "Nakula na imvi, manje muniyese mfwiti ya maluwa?"

Pamenepo ndi pamene maso anga anagwera kukona yakutali ija. Pakati pa masamba panali kanthu kachikasu kakupepeluka. Chikhomo changa chinali chikadaima, kansalu kanga kali pompo. Ndinayang'ana m'chiuno mwanga. Anzanga, mwa zitenje zonse zimene ndili nazo m'sutikesi, tsiku limenelo ndinali nditavala cha nkhanga zachikasu, m'mphepete mwake muli mong'ambika.

Munthu akachita mantha nzeru zimathawira kumapazi. Ndinanong'oneza Esinati kuti ndikupita kuseri pang'ono, ndinazungulira kudzera m'nthochi, ndikuwerama ngati wakuba nkhuku, mpaka ndinafika pakona paja. Maganizo anga anali akuti ndizule chikhomo, ndichiponye m'tchire, za Ba Mulenga ndidzaona mawa. Chikhomocho chinali pafupi, mapazi atatu basi. Kungoti sindinadziwe kuti mvula inakweza madzi, ndipo pamene kale panali mtunda tsopano panali pakuya. Udzu wamba unali utayamba kumera pamwamba pa maluwa aja, moti sukanadziwa pothera nthaka ndi poyambira madzi.

Phazi loyamba, pansi panali pofewa ngati matiresi. Phazi lachiwiri, dziko linagwedera. Ndipo ndinene zoona, kwa kamphindi kamodzi maluwa aja anandinyamula. Ine ndi thupi langali (sindine wamng'ono) ndinaima pamwamba pa madzi, pa masamba okhaokha, ndikumva damu lonse likupuma pansi pa mapazi anga. Ngakhale pa nthawi ya tsoka ngati imeneyo mtima wanga unati, taonani mphamvu zake! Ndinatambasula dzanja, ndinagwira chikhomo.

Phuvu!

Kuzizira kwake ngati madzi a mufiriji. Ndinalowa ndi mutu womwe, ndipo pansi pake panali mdima umene a Tembo ankanena, mizu ija ikundisisita kumaso ngati zala. Nditavuuka ndinapeza masamba atseka kale pamene ndinalowera, andizinga m'khosi mbali zonse, mapazi akuvutika m'matope opanda pansi. Fungo lake la zowola. Ndinayesa kusambira, koma manja ankangokola m'mizu. Apa ulemu wonse wa uphunzitsi unatha. Ndinakuwa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi.

Amene anali pafupi kuposa onse anali Ba Mulenga, poti anali ataima pawokha paja. Mdala uja anathamanga, anataya chipewa, analowa m'madzi ndi nsapato zomwe mpaka m'chifuwa, akukankha maluwa ndi zigongono.

"Gwirani apa, mayo! Tayani chimtengo icho, gwirani dzanja!"

Kodi ndinataya? Sindinataye. Anandigwira pakhosi pa bulauzi n'kundikoka ngati thole logwa m'dzenje, mpaka tonse awiri tinagwera pamtunda. Pofika a Tembo, Esinati ndi mayi wa zansomba uja, anandipeza nditakhala m'matope, duku itapita, chitsinde chathunthu cha maluwa chili pamutu, mizu ikulendewera m'makutu, dzanja lamanja litafumbata chikhomo, kansalu kachikasu kakudontha madzi.

Esinati anagwada kuti andipukute kumaso. Kenaka dzanja lake linaima. Anayang'ana kansalu. Anayang'ana chitenje changa. Anatenga kansaluko n'kukalumikiza pamene panang'ambika, nkhanga ya theka n'kukumana ndi theka linzake.

"Asisi," anatero, motsitsa mawu kwambiri.



Ndinaulula zonse nditakhala pomwepo, mano akugundana: za ku Kafue, za msodzi, za chigubu, za bafa, za beseni. Nditafika pa zomanga duwa pachingwe, Ba Mulenga anatembenuka n'kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedera. A Tembo akanandikalipira zikanakhala bwino. Anangondiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira sitima imene yachoka panjanji.

Mayi wa zansomba uja anali akundiyang'anitsitsa chifikire, koma ine ndinkayesa akundikayikira. Tsopano anawerama, anachotsa chitsinde pamutu panga mwaulemu ngati akuvula mfumukazi chisoti, n'kunena:

"Madamu? Si ndinu Madamu a giredi seveni ku Bwacha?"

Ndinalakalaka Ba Mulenga akanandisiya m'madzi muja.

"Ndine Naomi, Madamu. Ninali kukhala kutsogolo, pafupi na windo. Ndinu munanipangitsa kukonda sayansi."

Ananena ndi mtima wabwino, mwana wa anthu, misozi ili pafupi. Koma m'moyo wanga wonse palibe chitonzo chimene chinandipweteka ngati chiyamiko chimenecho.

A Tembo anavula chipewa, anapita kwa Ba Mulenga, amene anali kukhuthula madzi m'nsapato, n'kugwada bondo limodzi. "Ba Mulenga, nalakwa. Nakunamizirani pamaso pa anthu."

Ba Mulenga anawadzutsa. "Awe mukwai, imani. Ine nili na ng'ombe, maluwa nilibe." Anayang'ana mitambo, n'kuyang'ana pakhoma la damu. "Muli na waya wa nkhuku? Tiyeni titseke apo mvula isanabwere. Mailo nizabwera na ng'ombe zibili na tcheni, tiguze ivi vintu."

Waya tinamanga masana omwewo, ine ndikugwira misomali nditafunda bulangeti la Esinati. Mvula inagwa madzulo ake, madzi anasefukira, ndipo maluwa anaunjikana pawaya paja ngati anthu pakhomo la basi, koma waya unagwira. M'mawa mwake ine ndi Naomi tinatsika ndi kamtsinje, iye kutsogolo, mphunzitsi wake kumbuyo nditanyamula thumba. Tinapeza zitsinde zingapo zitakodwa m'mabango, zimene zinadutsa ndi mvula zam'mbuyomo. Tinazitola zonse zimene maso athu anaona. Ngati china chinatipitirira n'kukafika kumtsinje waukulu, sindikudziwa, ndipo Naomi anakana kundinamiza kuti n'zosatheka. Chimenecho ndimayenda nacho mpaka lero.

Kuyeretsa damu kunatitengera masabata ambiri. Ng'ombe za Ba Mulenga zinkaguza, ife tikukoka ndi mareki ndi manja. Chinthu chopepuka pamadzi chija, ukachitulutsa chimalemera ngati bulangeti lonyowa. Milu inakwera kupitirira denga la khola, tinkaiyanika kutali ndi madzi, ikauma n'kuitentha. Ndipo ngakhale pamulu, padzuwa, zitsinde zapamwamba zinkaphukabe maluwa, ngati sizinamve kuti mlandu watha.

Chovuta kwambiri chinali ku Bwacha. Naomi atamva kuti ndinagawa mbewu, anangoti, "Madamu, muziwa chochita." Lamulungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, ndinaima kutsogolo kwa mpingo wonse n'kupempha kuti aliyense amene ali ndi maluwa anga awabweze. Bambo Mfumu anaphimba pakamwa ndi buku la nyimbo. Sabata yonse ndinayenda khomo ndi khomo ndi wilibala yobwereka. Mayi wina anakana kwamtuwagalu, ati ndikuchita nsanje poti ake akuphuka kuposa anga. Wina anali atapatsako mlongo wake wa ku Makululu, amene anawaponya m'dzenje la madzi kumene anthu amaumbira njerwa, ndiye ndinapita komweko, n'kulowanso m'matope ana a sukulu akuonerera. Bafa la bambo ndinalikhuthula n'kulivundikira.

Nsomba zambiri zinafa. Injini inakonzedwa mochedwa, tomato wa chaka chimenecho anapserera. A Tembo anaikamo ana a nsomba ena, ndipo anapangira ng'ombe za Ba Mulenga pomwera pake kunsi kwa khoma. Masiku ano madala awiriwa amakhala limodzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndikamafika amasiya kukamba n'kuyamba kutsokomola, ndiye ndimadziwa nkhani yake. Ine a Tembo anatha miyezi akundiyankha "eee" ndi "iyayi" basi.

Koma nkhani ya udzuwu siitha ndi moto. Naomi anatichenjeza kuti njere zake zimagwera pansi n'kugona m'matope zaka zambiri, zikudikira. Choncho Loweruka lililonse ndimakwera minibasi, ndimavala magambutsi amene Esinati anandigulira, n'kuzungulira damu lonse ndi reki. Palibe anandilamula. Komanso palibe anandiletsa.

Mwezi watha, kuseri kwa mabango, ndinapeza kamodzi kamene kanandizemba masabata angapo. Kanali kokha pamadzi oyera, masamba anayi, kamtengo kamodzi, maluwa atangotseguka m'mawa womwewo, mame akadali pomwepo. Kamphepo kankakatembenuza pang'onopang'ono. Ndinatambasula reki. Kenaka ndinaitsitsa. Ndinati ndingoyang'ana kaye pang'ono chabe.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva kutsokomola kumbuyo kwanga.

"Amulamu."

"Nizula, amulamu, nizula."

"Naona," anatero a Tembo. "Mwayamba kuzula nikali kuthirira kabichi. Manje nasiliza na repu."

Anabwera n'kuima pambali panga, manja kumbuyo. Tonse awiri tinakayang'ana kakuzungulira pamadzi paja. Patapita nthawi anapuma mozama.

"Ni kokongola, mfiti imeneyi," anatero. "Nipatseni reki."